Tsiku Limene Tinavotera Bedi la Agogo

Loweruka, 9 Malichi

Okondedwa Bambo,

Kuno kwacha ndi kamvula kowaza. Madontho akugogoda malata a khonde, wogulitsa buledi akuliza belu la njinga yake kumsewu, ndipo kuseri kwa nyumba kukumveka kanyundo: go, go, go. Za kanyundoko mumva kumapeto. Tonse tili bwino, kaya inu kuntchito kumeneko. Amayi andituma kuti ndikulembereni nkhani ya agogo, bambo anu, musanaimve kwa ena itathiridwa kale mchere.

Achemwali anabwera mwezi watha kuchokera ku yunivesite. Paja akuphunzira za kayendetsedwe ka boma ndi chisamaliro cha anthu, ndiye chaka chino awatumiza ku ofesi yothandiza okalamba kuti akaione ntchito ndi maso, ndipo akugonera kunyumba. Bambo, munthu wasintha! Akafuna shuga patebulo amati, "Ndikupempha kudzera kwa wapampando." Agogo anawapatsa dzina loti a Nduna, ndipo lawakhala.

Atangofika anaona kuti agogo akutsimphina, choncho anaitanitsa msonkhano wa banja. Anati m'kalasi anaphunzira kuti okalamba ayenera kupepukidwa ntchito, komanso kuti nkhani ya anthu ambiri imathera pa voti. Tinakhala pabalaza: achemwali wapampando, amayi, azakhali ndi ine. Agogo anali kuseri, akukonza ambulera ya munthu. Palibe anawaitana, tinkati tisawavutitse.

Achemwali anati agogo asiye kutsegula geti m'mawa, bokosi la zida zawo likwezedwe pamwamba pa kabati kuti asamawerame tsiku lonse, ndipo bedi lawo lichoke m'chipinda chomwe timagona awiri, ine ndi agogowo, lipite kukachipinda koyandikana ndi bafa.

"Ovomereza akweze manja."

Amayi anakweza mokayika. Azakhali anakweza onse awiri. Ine, Bambo, ndinakweza msanga kuposa aliyense. Mukuudziwa mkonono wa agogo, uja wonga jenereta yakale. Ndinkafuna chipinda changachanga kuti ndiziwerenga bwino, mayeso ayandikira.

Agogo anauzidwa zotsatira akumwa tiyi. Anayang'ana achemwali, n'kuyang'ana bokosi lawo pamwamba pa kabati, n'kuika kapu pansi bwinobwino.

"Zikomo, a Nduna. Boma lalamula."

M'mawa mwake tinapeza geti lotsegula, bedi lopanda munthu, ambulera yawo yakuda palibe.

Amayi anagwira mutu. "Bambo ako akamva adzati ndathamangitsa apongozi!" Koma ine ndinadziwa kokawayang'ana. Si paja mumanditcha Kadzidzi chifukwa ndimangokhala phee pawindo, maso okha? Masana aliwonse agogo amakacheza kwa mnzawo wometa tsitsi, pafupi ndi siteji ya basi. Ndinadzerako pochokera kusukulu, ndipo ndinapeza atayala matiresi m'kachipinda kakumbuyo, pakati pa matawulo.

Achemwali anapitako ataweruka, akadali m'zovala za ku ofesi, ine pambuyo. Tinapeza agogo atakhala pampando wometerapo, miyendo itasanjikizana.

"Agogo, tiyeni kunyumba."

"Mwaonana ndi mlembi wanga?" anatero, akuloza wometa uja. "Khalani pamzere, mayi."

Achemwali anakhaladi pabenchi, pakati pa dalaivala wa lole ndi kamwana kolira. Nthawi yawo itakwana, agogo anayang'ana wotchi yomwe alibe n'komwe. "Bwana atuluka. Bwerani mawa."

Wometa anaseka mpaka kumudula dalaivala uja, yemwe tsopano ankametedwa, mbali imodzi ya ndevu. Akuti ndi momwe ankawayankhira agogo ku ofesi ya penshoni. Mawa lake yankho linali lakuti fayilo yasowa.

Ndinkayembekeza kuti achemwali apsa mtima, koma pobwerera anaseka njira yonse. Titafika pageti anati, "Kadzidzi, ukudziwa phunziro loyamba lenileni m'chaka choyamba? Usamukonzere munthu moyo wake iye palibe. Mayeso ake ndinakhoza kuposa kalasi yonse, iwe."

Ine nanenso chipinda changachanga chija chinandikanika. Mabuku ndinkatsegula, koma chete wake ankandilira m'makutu. Panalibe wondifunsa kuti, "Lero akuphunzitsani bodza lanji?" Kusukulu sindiyankhula ndi anthu kwenikweni, mukudziwa. Sindinkazindikira kuti macheza anga onse a tsiku amakhala pa bedi lija.

Dzulo achemwali anasiya chikwama ndi cholembera kunyumba. Tinapitanso limodzi kwa wometa uja. Iwo anakhala pabenchi mpaka makasitomala atatha, n'kunena kuti, "Agogo, lero sindinabwere kudzakutengani. Ndabwera kudzamva. Inuyo mukufuna chiyani?"

Agogo anatsokomola nthawi yaitali.

"Mwendo ukupwetekadi, sindikana. Geti litengeni, lalemera. Koma zida zanga, a Nduna! Munthu wobwera ndi ambulera yothyoka ndimuuze chiyani? Kuti ndinafa?"

"Nanga titakupezerani tebulo lalitali, muzigwira ntchito mutakhala pampando osawerama? Ndipo Lolemba ndikuperekezeni kuchipatala akauone mwendowo."

"Limenelo ndiye boma," anatero wometa.

"Iwe meta anthu, za boma zisiye," agogo anamudula. "Tsono za chipinda. Ndamva kuti wina anakweza dzanja ngati akuimitsa basi."

Onse ananditembenukira.

"Ndine, agogo. Koma chichokereni inu sindikugona. Mkonono uja ndinauzolowera."

"Mkonono wanji? Ine sindiliza mkonono, mwana iwe. Ndimaganiza mokweza."

Anatero akufunafuna nsapato zawo pansi pa mpando.

Ndiye kanyundo kaja ndi kawo. Tebulo labwerekedwa kwa telala woyandikana nafe, ndipo ndi mvulayi maambulera odwala afika kale pakhonde. Achemwali akuti nkhaniyi akailemba mu lipoti lawo la ku yunivesite, agogo avomera, bola alembedwe kuti ndi "bambo wina wooneka bwino." Mawa kulinso msonkhano, koma wapampando ndi agogo, ndipo alengeza kale kuti azakhali azikweza dzanja limodzi ngati anthu ena onse.

Chonde, mukaimba foni amayi musawadandaulitse. Masiku amenewa sanadye bwino. Akukupatsani moni wambiri. Azakhali akuti muzivala juzi. A Nduna akupereka moni kudzera kwa wapampando. Agogo akuti ambulera yanu yakale ija aikonza, ikungodikira mwini wake kuseri kwa chitseko.

Pobwera dzulo tinayenda motere: achemwali patsogolo ndi chikwama cha agogo, wometa atasenza matiresi, ine ndi nsapato zawo za kutchalitchi m'manja, agogo pambuyo pang'onopang'ono ndi ambulera yakuda. Amayi anatitsegulira geti. M'nyumba tagona tonse: amayi, azakhali, achemwali, agogo ndi ine. Otsala ndinu nokha.

Ndine mwana wanu,
Kadzidzi