Alamu Anga Asandutsa Khonde Langa Fakitale ya Miphika

Aphungu,

Ndine telala. Ndimasoka pakhonde la nyumba yomwe timachita lendi ine, akazi anga ndi ana athu awiri. Ndakulemberani chifukwa ndikapitiriza kusunga zimenezi m'mimba, tsiku lina ndidzaphulika ngati thumba losokedwa ndi ulusi wovunda.

Chaka chatha alamu anga, achimwene awo aakulu a akazi anga, ntchito inawathera ku kampani ina komwe anali kalaliki. Banja lawo linali litatha kale. Akazi anga anandipempha kuti abwere adzakhale nafe, akuti "pang'ono pokha, apeze poyambira." Ndinavomera. Munthu ameneyu ndi amene analera akazi anga makolo awo atamwalira, ndiye ndikanakana ndi pakamwa pati? Amati mlendo ndi mame, koma mame athuwa dzuwa lawomba, mvula yabwera n'kupita, iwo akadali pomwepo.

Poyambira pakepo anakapapeza pa foni. Anaonera mavidiyo a anthu omwe amatenga mtengo wabwinobwino n'kumaudula mizu ndi nthambi, n'kumaukulunga waya kuti usakule, ukhale kamtengo kolekeza m'bondo koma kooneka ngati kokalamba. Akuti dzina lake ndi bonsayi. Ine ndinkadziwa kuti munthu amadzala mtengo kuti udzampatse mthunzi, zipatso kapena nkhuni. Alamu anga amadzala mitengo kuti inyentchere, ndipo ikanyentchera bwino amaomba m'manja.

Timitengoti akuti sitikhala m'chitini wamba ayi. Timafuna mphika wakewake, wosaya koma wotambalala. Alamu anaganiza zoti miphikayo aziumba okha ndi simenti. Aphungu, tikunena munthu amene moyo wake wonse katundu wolemera yemwe anasenzapo ndi bolopeni.

Zikombole zawo ndi ziwiya za m'nyumba mwanga. Amatenga beseni lalikulu, amathiramo phala la simenti, pakati amakanikizapo kabeseni kakang'ono. Mphika woyamba unakanirira m'beseni losambitsira ana mpaka anachita kulidula ndi mpeni. Atamva kuti chikombole amachipaka mafuta, botolo la mafuta ophikira linayamba kutsika ngati tili ndi lesitilanti. Mphika wachiwiri anautulutsa m'mawa mwake chifukwa cha phuma, unanyenyeka m'manja ngati bisiketi. Wachitatu unalimba ndithu, koma anaiwala kuboola pansi. Anadzalamo kamtengo ka ndimu, madzi anadikha, mizu inawola, kamtengo kanafa. Iwo anangoti, "Kanali ndi matenda kale kameneka." Miphika yomwe inapulumuka yandandalika pakhonde panga. Wina ukuoneka ngati chipewa chomwe anachikhalira munthu wonenepa, wina ngati mbale ya galu, ndipo uliwonse kuti uunyamule uyambe watsanzikana ndi msana wako. Anthu oyandikana nafe anawapatsa alamuwo dzina loti a Injiniya. Akuwaseka, koma iwo amayankha monyadira, chifuwa patsogolo.

Zikanathera pa mabeseni ndikanangoseka nawo. Tsiku lina ndikuchokera kogula zipi ndinawapeza akudula waya ndi sizasi yanga yodulira nsalu, sizasi yomwe ngakhale akazi anga saikhudza. Mtima unandiwawa ngati andiponda chala chovulala, koma ndinangoti, "Palibe kanthu alamu, ndikanoletsa." Sabata yotsatira anatsegula thumba la simenti mphepo ikuwomba, fumbi lonse linathera pa suti yakuda yomwe ndinali nditapachika, mwini wake akubwera kudzatenga kuti akavale pa ukwati wa mwana wake. Ndinakutumula, ndinapukuta ndi nsalu yonyowa, ndiye ndinangoonjezera moto. Bamboyo anaiyang'ana n'kundifunsa kuti, "A telala, mwandisokera suti kapena mwaipaka pulasitala?" Anali kasitomala wanga wa zaka zambiri. Panopa amadutsa pamsewu nkhope atayang'ana kwina.

Chachikulu chachitika posachedwapa. Alamu akamaliza ntchito yawo amatsukira mabeseni ndi manja ku bafa, madzi a simenti onse n'kumapita m'paipi. Paipiyo timagawana ndi nyumba ya kuseri. Tsiku lina m'mawa madzi anakana kutsika, kenako anabwerera ndi zonse zomwe anatenga, kwathu ndi kwa anzathu omwe. Mayi wa kuseriko anatuluka ndi thovu m'mutu akutukwana mtundu wathu wonse. Pulambala anakumba pabwalo n'kutulutsa chidutswa cha paipi chodzaza simenti youma gwa. Anachigogoda pansi n'kunena kuti, "Pa zonse zomwe mwaumba pano, cholimba ndi ichi."

Amayi eni nyumba sanaseke. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti, "A telala, ine nyumba ndinapereka kwa munthu wosoka, osati kwa kontilakitala. Mwezi uno ukamatha ndisadzaonenso thumba la simenti pano. Apo ayi, inu ndi makina anu muone msewu." Aphungu, khonde limeneli lili m'mbali mwa njira yopita kumsika. Makasitomala anga onse amandidziwira pamenepa. Kuchoka pano ndiye kuti ndayambiranso pansi.

Ndinauza akazi anga kuti alankhule ndi achimwene awo. Anandiyankha misozi ili m'maso kuti, "Ntchito itangowathera, achimwene ankangokhala m'chipinda, osalankhula, osasamba, chakudya kumangochiyang'ana. Ndinkaopa kuti tidzawapeza atadzichita choipa. Miphikayi ndi imene yawadzutsa. Mukufuna ine ndikawauze kuti abwerere m'chipinda muja?" Kenako anawonjezera kuti, "Komanso si inu nomwe mumawauza kuti ndi zokongola?"

Pamenepo sananame. Akaumba mphika amabwera nawo pa makina anga n'kunena kuti, "Alamu, mwauona uwu?" Ine ndimati, "Eee, koma ndiye luso!" Nanga munthu wamkulu, mlamu wako, ungamuuze kuti waumba mbale ya galu? Ndi ulemu chabe. Ngakhale thumba lachiwiri la simenti ndinawatengera ndine pa njinga, poti anandipempha pamaso pa ana.

Tsono maganizo anga ndi awa. Loweruka lililonse amapita kukasaka timitengo m'mbali mwa misewu. Ndikufuna tsiku limenelo ndibwereke wilibala, ndikatute miphika yonse ndi simenti yomwe ndikataye kudzala, akabwera ndidzanene kuti eni nyumba ndi amene atuma anthu. Kapena ndiwapemphe amayiwo abwere adzawakalipire okha, ine ndili kumsika. Mwa njira ziwirizi yabwino ndi iti? Ndithandizeni, mwezi ukutha.

T.K., telala wa panjira ya kumsika

*

Bambo T.K.,

Kalata yanu ndaiwerenga, ndaseka, kenako ndakwiya. Mwandipatsa njira ziwiri kuti ndisankhepo. Zonse ndi za munthu wamantha, ndipo sindisankhapo ngakhale imodzi.

Ndiyambe ndi alamu anuwo, poti mukufunitsitsa kumva ndikuwanena. Inde, alakwa. Munthu wosungidwa pakhomo pa eni sadula beseni la ana, satha mafuta a mlongo wake, ndipo sagwira chida chomwe chimadyetsa nyumba yonse, iye yemwe ali m'gulu la odyawo. Kudula waya ndi sizasi ya telala ndi chipongwe, kaya anadziwa kaya sanadziwe. Kuthira simenti m'paipi ndi umbuli womwe ngakhale vidiyo ya pa foni ikanawachenjeza akanaionera mpaka kumapeto. Akufuna ulemu wa mmisiri asanalawe thukuta la wophunzira.

Koma inu, bambo, ndinu amene mwandidabwitsa. Pa pepala lilime lanu ndi lakuthwa kuposa sizasi yomwe mukuilirayo. Pamaso pa alamu anu lilime lomwelo limasanduka thonje. Mwawauza kuti ndi aluso, mwawauza kuti palibe kanthu, simenti mwawanyamulira pa njinga yanu, ndiye mukudabwa kuti sakusiya? Asiyirenji, mwini khonde akuwaombera m'manja? Chimene mukuchitcha ulemu si ulemu. Mwawasiya azisekedwa ndi mzere wonse wa nyumba, inu mukuseka nawo kumbali. Wakutsina khutu ndiye mnansi, ndipo inu khutu lawo simunaligwirepo. Alamu anu amadziwa kuti mtengo amaupinda udakali wanthete. Inu nkhaniyi munaisiya ikule, lero mukufuna kuigwetsa ndi wilibala ndi bodza.

Taganizani za bodzalo. Mudzanamizira amayi eni nyumba, omwe akudziwa kale kuti sanatume munthu. Alamu akadzapita kukawafunsa, mudzataya nyumba ndi mbiri tsiku limodzi. Ndipo zomwe akazi anu anakuuzani mwazilemba nokha koma simunazimve. Munthu amene anagona m'chipinda osadya, osasamba, osalankhula, anali kudwala mumtima. Chomwe chinamudzutsa, kaya ndi chopindika chotani, simungachitaye kudzala ngati zinyenyeswa za nsalu.

Chitani izi. Lankhulani nawo inuyo, sabata ino, muli awiri, ana ndi akazi anu palibe. Musatume mkazi. Mwamuika kale pakati pa mwamuna wake ndi munthu amene anamulera, ndipo pamenepo si pokhala munthu. Auzeni mawu a eni nyumba monga momwe anayankhulidwira. Auzeni za kasitomala wa suti uja. Auzeninso kuti munkayamikira miphika ija chifukwa choopa kuwakhumudwitsa, koma zoona zake n'zakuti ntchitoyi sanaidziwebe. Adzakwiya, mwina masiku angapo osakupatsani moni. Zimenezo sizipha munthu.

Mukatero musawasiye m'malere. Simenti ichoke pakhomopo mwezi usanathe, pamenepo palibe zokambirana. Koma kuchoka pakhomo si kusiya ntchito. Pitani nawo kumene amaumba mabuloko kapena miphika ya maluwa, mukapemphe kakona koti aziumbirako. Kumeneko kuli mchenga, madzi, malo otsukira, ndiponso anthu omwe sadzawanyengerera akalakwitsa. Timitengoto tikhoza kutsala kuseri kwa nyumba ngati eni nyumba alola. Sititulutsa fumbi ndipo sititseka paipi.

Ine sindine mmisiri, koma zina n'zodziwika. Gawo limodzi la simenti, magawo awiri a mchenga wosefa, madzi ochepa kuti phala likhale lolimba. Alamu anuwo aziika tizidutswa ta paipi pansi phala lisanaume kuti pakhale mabowo otulukira madzi, ndipo azigogoda chikombole m'mbali kuti mpweya utuluke. Mphika usatulutsidwe m'mawa mwake. Ukhale pamthunzi, wofunditsidwa chiguduli chonyowa, n'kumauwaza madzi kwa sabata kapena kupitirira. Kenako auviike m'madzi kwa milungu ingapo, akusintha madziwo, chifukwa simenti yatsopano imawotcha mizu. Azivala magolovesi ndi kutseka mphuno. Zikombole, mafuta ndi chodulira waya apeze zawozawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene akufuna kulera mtengo kwa zaka zambiri ayambe waphunzira kudikira mphika kwa sabata imodzi.

Kwa amayi eni nyumba mupite nonse awiri, alamu anu akapepese ndi pakamwa pawo, ndipo dzenje lomwe pulambala anakumba akwirire ndi manja awo. Kwa mayi wa kuseri uja chimodzimodzi. Pomaliza, mukhale pansi atatu, inu, akazi anu ndi achimwene awo, mugwirizane kuti "pang'ono pokha" paja pathera pati. Kusunga m'bale n'kwabwino, koma kusunga kopanda malire kumadzetsa chidani chomwe ndachiona m'kalata yanu kuyambira mzere woyamba.

Chenjezo langa ndi ili. Mukamalankhula nawo, nthabwala zanu muzisiye m'thumba, ndipo mukatha muziwayang'anitsitsa. Mukadzaona ayambanso kudzitsekera, kukana chakudya kapena kulankhula zotaya mtima, musadzati ndi matama. Apititseni kuchipatala msanga akaonane ndi aphungu a maganizo. Paipi pulambala wasintha, kasitomala mudzapeza wina, nyumba za lendi zilipo zambiri. Akazi anu ali ndi mchimwene mmodzi yekha.

Aphungu