Gofu ya M'nyumba pa Nchalo

Gulu: Nchalo Indoor Golf
Lorenso, Emelia, Ernest

LOLEMBA

Lorenso 06:48
mlongo weekend yayenda bwanji? abwera angati kudzasewera

Lorenso 07:31
Eme ndikuona kt wawerenga

Emelia 08:05
mwadzuka bwanji mano, achimwene anga. ndimakonzekeretsa ana ku school. abwera awiri

Lorenso 08:06
awiri weekend yonse??

Emelia 08:09
mmodzi amangofuna mphepo ya AC. wagula fanta, wakhala pampando, wagona mpaka kuliza mkonono. winayo amafunsa kt salon yanga ndinasamutsira kuti

Lorenso 08:14
machine amenewa kuno ku Joni anthu amachita kulimbirana. ndimawaona daily pa club yomwe ndimagwira ntchito. munthu amamenya mpira pa screen, computer nkumuonetsa ngati ali pabwalo lenileni. chovuta nchani pamenepa

Emelia 08:15
chovuta nchoti kuno nku Nchalo

Lorenso 08:17
alamu a Ernest, mabwana a ku estate munalonjeza aja ali kuti?

Ernest 10:12
alamu ndinawauza onse mu office. akuti bwalo ali nalo kale, la udzu weniweni

Lorenso 10:13
ndi dzuwa la October lomweli? angayende panja ndani? idea yonse inagona pamenepo. ife tili ndi AC

Ernest 10:20
amasewera mmamawa kusanatenthe

LACHITATU

Emelia 13:22
magetsi azima kuyambira mmawa. jenereta ikukana kunyamula AC ndi projector pamodzi. ndikayatsa projector yokha muno mukutentha ngati mu uvuni, ndye ikumazima yokha

Lorenso 13:40
🎤 uthenga wamawu 2:41

Emelia 14:02
ndamvera mano. inverter ndi ma battery mukunenawo ndigula ndi chani? ndinatulutsa ma dryer anga mchipinda muno kt machine anu alowe. pano ndikulukira anthu pakhonde, fumbi la ma truck likuthera mmitu mwawo. ma customer anga athawira kwa Sellina

Lorenso 14:05
pirira pang'ono mlongo. zikagwira tidyerera tonse

Lorenso 15:30
wamva?

LACHISANU

Ernest 16:44
alamu good news. bwana wanga wa ku accounts, a Harold, avomera. abwera mawa 10. akuti akaikonda adzakoka anzawo

Lorenso 16:45
takhuta, zikomo alamu!!! mwagwira ntchito

Lorenso 16:47
Eme sesa paliponse, pukuta ndodo zonse. uwapatse driver, ndodo yaitali ija, mabwana amakonda imeneyo. mtengo usatsitse, 15 pin pa hour. ukatsitsa aziona ngati nzachabe

Emelia 17:10
ande, ndamva

LOWERUKA

Lorenso 10:20
afika?

Lorenso 10:55
??

📞 Lorenso anaimba, palibe wayankha

Ernest 11:38
alamu zavuta pang'ono

Emelia 11:39
si pang'ono ayi, musawanamize. bambowo ndi aatali ngati mgwalangwa. atangokweza ndodo yakamenya fan. fan yagwa, siling'i yabooka

Emelia 11:40
📷 chithunzi

Lorenso 11:41
mayo ine. screen ili bho?

Emelia 11:41
mukufunsa za screen? fan yadutsa pakhutu pa munthu

Emelia 11:43
ndinakuuzani ine kt denga ili ndi lalifupi. munati pa video call likuoneka bho

Ernest 11:50
iwo angoseka, adzisasa fumbi, km anenetsa kt anzawo sangawabweretse. ine Monday ndikalowa ndi nkhope yanji mu office

Lorenso 12:04
🎤 uthenga wamawu 3:58

Lorenso 12:10
tikweze denga basi. funsani builder

LACHIWIRI

Lorenso 07:02
builder wati chani

LACHINAYI

Lorenso 12:48
Eme

Lorenso 18:15
foni yavuta kapena ndine ndavuta?

LOWERUKA

Lorenso 16:52
🎥 kanema

Lorenso 16:52
ichi nchani ndachiona pa status ya mnzanga Chance??

Lorenso 16:53
anthu adzaza mchipinda, mabenchi pa kapeti yanga, akuonera Arsenal pa screen ya gofu??

📞 Lorenso anaimba, palibe wayankha

📞 Lorenso anaimba, palibe wayankha

Emelia 17:01
ndili ndi anthu mano. gemu ithe kaye

Emelia 18:40
inde ndalumikiza decoder ku projector. chibwerereni machinewa, lero nkoyamba zakumwa kutha mu fridge. ndachita kukaoda kawiri

Lorenso 18:41
video show. ndavutika zaka zonsezi kuno kt ndikatsegule video show

Lorenso 18:42
alamu inu mumadziwa?

Ernest 18:49
mabenchiwo ndakabwereka ndine ku church

Lorenso 18:55
simukundimvetsa nonse awiri. ine ndatopa kunyamula zikwama za gofu za anthu ena padzuwa, yes sir yes sir tsiku lonse. ndinagula zimenezi kt December ino ndibwere kwathu kosabwereranso. ndimafuna tsiku lina bwana alowe pakhomo panga, andipatse moni ngati mwini malo

Emelia 19:03
ndikumvetsa mano. nkhabe kukana, sindikutsutsa. km inu mukutopa kumeneko, ine ndikutopa kuno. mwezi wonse ndakhala ndikulondera chipinda chopanda munthu, ntchito ya manja anga ikufa panja

Emelia 19:06
ndye imvaninso izi musanazione pa status. gemu itatha anyamata odula nzimbe anafunsa kt ndodozi nzachani. ndawayatsira gofu yanuyo. mipira itatu 1 pin, womenya patali kuposa onse amwa yaulere. ndawapatsa ndodo zazifupi zokhazokha kuopa denga

Emelia 19:07
mzere unafika mpaka pa msewu. ena akabaza anasiya njinga panja

Emelia 19:07
🎥 kanema

Lorenso 19:12
akukumba kapeti!! taona wa malaya ofiirayo, wagwira ndodo ngati chikwanje

Lorenso 19:12
iyi si gofu Eme

Ernest 19:14
km alamu anthu amakuwa zedi. mpira ukauluka pa screen amachita kudumpha ngati chigoli

Lorenso 19:15
alamu ndisiyeni ndilankhule ndi mlongo wanga

Emelia 19:21
ngati si gofu ndiuzeni ndizipakire mmakatoni momwe zinabwerera. sindikukuopsezani. maukwati a December ayandikira, akwati ayamba kale kufunsa, sindingawakonzere pakhonde. Loweruka likubwerali kaya nditsegule mpira ndi gofu ya 1 pin, ndipeze yochitira rent kachipinda kena ka salon, kaya ma dryer anga abwerere muno. za mabwana ine ndasiya kudikira

Emelia 19:22
sankhani ndinu

LAMULUNGU

Ernest 13:10
alamu mwaswera bwanji

LACHIWIRI

Ernest 09:30
alamu Emelia sanalankhule mwachipongwe. mavuto okha

Emelia 09:41
asiyeni bambo a Pempho. awerenga

LACHINAYI

Lorenso 06:20
🚫 uthenga uwu wafufutidwa

Lorenso 06:58
🚫 uthenga uwu wafufutidwa

Emelia 07:15
mano ngati muli ndi mawu nenani. ndikufuna kudziwa ngati ndikaode zakumwa

Lorenso 12:33
kanema uja ndamuonera kangapo

Lorenso 12:35
wa malaya ofiira uja mphamvu ali nazo. umuuze apinde mawondo pang'ono, maso akhale pa mpira osati pa screen. akatero sakumbanso

Lorenso 12:36
mabenchi asakhudze kapeti. muziipinda nthawi ya mpira. driver uibise kunyumba

Emelia 12:40
ndye nditsegule?

Lorenso 12:52
December sindibwera. ndauza kale a supervisor kt andiike pa roster ya holiday. ndigwira mpaka denga likwere

Emelia 12:53
mano ana akukudikiranitu. Pempho wauza kale anzake ku school kt amalume akubwera

Emelia 13:10
mano

📞 Emelia anaimba, palibe wayankha

Lorenso 13:26
ndili pa ntchito, ndanyamula chikwama cha munthu

Lorenso 13:27
tsegula. chikwangwani cha Indoor Golf chokha usachotse