Dandaulo kwa a Sikelo

Lolemba, 9 Juni

Kwa a Sikelo, okhala pakhomo la bafa. Ine, mayi wa nyumba ino ndiponso mwini chala chachikulu cha phazi lamanzere, ndikudandaula mwaulemu kuti m'mawa uno mwandipunthwitsanso. Simusesa, simuphika, koma mwamuna wanga amayamba walonjera inu asanandiyang'ane ine. Kodi ndinapitira ku yunivesite kuti ndidzakhale pamitala ndi chitsulo?

Gwero lake ndi ili: kuntchito kwa bambo a kuno kuli mpikisano woonda. Amene ataye makilo ambiri pofika Lachisanu la sabata yamawa apatsidwa malo oimikapo galimoto pamthunzi, pambali pa a bwana, chaka chathunthu. Amuna akuluakulu, madigiri ali kukhoma, kumavula nsapato ndi malamba n'kukwera sikelo yoyezera makatoni! Akutsogola ndi iwowa. Matama ake, nyumba yachepa.

Lachitatu, 11 Juni

Aboola lamba bowo lina. Koma chimimba chili pomwepo, ngati mlendo amene wamva fungo la ndiwo. Ndafunsa kuti nanga chikuthacho n'chiyani. Ati, "Nsanje, amayi. Sikelo sinama."

Sinama, inde. Komanso sifunsa. Kilo ya mafuta, kilo ya madzi, kilo ya munthu, kwa iyo zonse ndi nambala.

Lachinayi, 12 Juni

Alephera kutsegula botolo la jamu. Munthu amene anakweza firiji pamasitepe tsiku losamuka lija. Andipatsira akuseka, ati manja aterera. Ndatsegula. Silinali lothina n'komwe.

Loweruka, 14 Juni

Kunabwera alamu, mlongo wawo. Asanakhale pansi: "Achimwene, mwabwerera kuunyamata! Alamu, mukuwadyetsa chiyani? Tiuzeniko ife a matayala!" Kuseka, kujambulana.

Atapita ndinayang'ana chithunzicho. Khosi likusambira m'kolala. Wotchi yatsetserekera kuchigongono. Mphete yaukwati asamutsira ku chala chapakati, sindikudziwa liti. Ndipo pampando wakudyera ayalapo pilo, ati thabwa lalimba. Mpando womwewo, zaka zonsezi.

Lamulungu, 15 Juni

Ndimasesa m'galimoto. Pansi pa mpando: mapepala a madonasi, timabokosi ta tchipisi, mabotolo a zakumwa zotsekemera. Umboni wokwanira kumangitsa munthu. Ndinakonza mlandu wonse m'mutu, ndime ndi ndime, ine woimira boma, ine woweruza. Ine ndikuwawiritsira masamba opanda mafuta, iwo akuchita phwando kumsewu!

Sanakane n'komwe. Ati, "Zosalazo ndinasiya mwezi watha. Ndikudya ngati dzombe koma makilo akungotsika okha. Thupi lamvetsa, amayi. Anzanga akufa ndi nkhaka kuofesi."

Anati ndiseka nawo. Mlandu wanga unathera pomwepo.

Lolemba, 16 Juni

Ndatchula chipatala. Ati akakawaika diripu alemera, ndiye mnzawo wa maakaunti awapitirira pampikisano. "Lachisanu lidutse kaye." Ndawauza kuti ngakhale maliro amawaimika pamthunzi. Lilime langali tsiku lina lidzandigwetsa m'mbuna.

Lachitatu, 18 Juni

Aima pakati pa masitepe, atagwira chitsulo cha m'mbali, ngati akuwerenga meseji. Foni inali m'thumba.

Lero sindinawanyoze ngakhale kamodzi. Afunsa ngati ndikudwala.

Lachisanu, 20 Juni

Apambana. Ati anzawo anawanyamula m'mwamba, ndipo wina anakuwa kuti, "Amwene, mwasanduka envelopu!" Anafika akuliza hutala kuyambira pageti. Kenaka sanatsike. Ndinawapeza manja ali pachiwongolero, thukuta kamukamu, akumwetulirabe. Ndinangoti sunthani. Anasuntha. Bambo amenewa sanandisiyirepo chiwongolero popanda ndewu.

Ndinalunjika nawo kuchipatala. Dokotala ndi mayi wa magalasi, wansangala. Iwo anayamba kum'fotokozera za chipambano, makilo khumi ndi limodzi. Iye anawatsina pamimba: "Mafuta anu onse alipo, bambo, palibe amene wakuberani." Tinaseka. Anawafinya mkono, ntchafu, phewa. Anawauza kuti adzuke pampando osagwira kanthu. Anayesa. Anayesanso.

"Chapita apa si mafuta. Ndi minofu. Mukudya bwanji?"

Ndinanena za madonasi. Dokotala anasiya kulemba. Anakatseka chitseko chimene chinali chotsegula nthawi yonseyi, n'kundikokera mpando.

Awatenga magazi. Awagoneka.

Loweruka, 21 Juni

Namwino waimba foni. Zina zatuluka, ati dokotala akufuna atiuze tili awiri, ndibwere masana. Ndamufunsa kuti n'zabwino kapena ayi. Wandifunsa ngati pali wachibale woti andiperekeze.

Wa maakaunti watumiza meseji yofunsa ngati angayambe waimika galimoto pamthunzi paja, poti a bwanawo sali kuntchito.

Kwa a Sikelo, kachiwiri. M'mawa uliwonse mwamuna wanga amakukwerani atavula, mumamuona yense kuposa mmene ndimamuonera ine, ndipo simunatsokomole n'komwe. Za chala changa ndakhululuka. Koma ndikulamula chipukutamisozi motere: mubweze makilo khumi ndi limodzi, onse, osapungula. Mafuta musavutike nawo, tili nawo. Ndikufuna mikono iwiri, ntchafu ziwiri, ndi khosi lodzaza kolala. Mukasiye kuchipatala, pabedi lawo la pawindo, ine ndisanafike masana ano. Botolo la jamu ndalitseka ndi mphamvu zanga zonse, ndipo sinditsegulanso ine.