Ndinali ku Miyoshi, Kupalira Mbatata

Onomichi
3 Sepitembala 1967

Okondedwa akulu anga a Fusako,

Kalata yanu ndinalandira Lachiwiri pamodzi ndi diresi lachikasu lija. Zikomo kwambiri, ngakhale mukudziwa kuti ine za manja aafupi sindivala. Kuno kutentha sikunathebe, koma tikudzuka. Mwana wanu Harumi ali kalikiliki ndi zaukwati, tsiku ndi lomwe lija la 12 Novembala. Mnyamatayo, Shinji, ndi waulemu, ndipo makolo ake, a Nagaoka opanga msuzi wa soya aja, atitumizira kale mtsuko waukulu woti sitiumaliza chaka chino.

Tsopano ndilowe m'nkhani, ndipo musandikwiyire. Kalata yanu ija ndaiwerenga kanayi, ndipo mtima wanga ukukana. Mwalemba kuti alamu a Walter akukangana ndi anzawo kutchalitchi ku Sacramento kuko pa za bomba la ku Hiroshima. Ena akuti linali tchimo, iwo akuti likanapanda kugwa akanatumizidwa kudzafera pagombe lathu pamodzi ndi anyamata miyandamiyanda, ndiye akufuna kumva kwa ine amene ndinaliona. Chabwino. Koma zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ali nanu pabanja, sanandifunsepo ngakhale dzina la malemu mwamuna wanga. Lero akufuna adziwe msewu umene ndinaima, nthawi yake, kutalika kwake kuchokera pamlatho wa pafupi ndi pamene bomba linaphulikira, ndiponso amene anandiona. Akulu anga, munthu wofuna kupambana mkangano amafunsa kuti anafa angati. Za amene anandiona akufuna achite nazo chiyani?

Inu munali ku Kobe chaka chimenecho, koma mukudziwa zonse. Harumi anali wa miyezi itatu m'mimba mwanga. Bambo ake anapita kuntchito m'mawa umene uja, mpaka lero sitinapeze ngakhale lamba wawo. Nditasamukira kuno ndinauza aliyense kuti tinali kwa amalume ku Miyoshi, kupalira mbatata, ndipo amuna anga anafera panyanja. Zaka makumi awiri ndi ziwiri bodza limeneli ndalilera ngati mwana wachiwiri. Kosambira anthu onse sindipitako, chifukwa zipsera za moto za pamsana panga zingandiulule.

Musaganize kuti ndikuopa mthunzi wanga womwe. Mwezi wa Julayi mayi Nagaoka anandiitana kukamwa tiyi. Tikucheza anayamba kunena za mwana wa mchimwene wawo amene anathetsa chitomero.

"Mtsikanayo anali wokongola ndithu," anatero. "Koma ofufuza mbiri ya banja atapita kwawo, anapeza kuti amake anali mu Hiroshima tsiku lija. Eee, amayi, magazi amene aja! Munthu ungaberekerepo chiyani? Ife sitidana nawo ayi, timawamvera chisoni, koma banja lathuli lili ndi zaka zana."

Kenaka anandiyang'ana m'mikono. "Inu simukumva kutentha ndi malaya amenewo?"

"Ndine wa mphepo ine," ndinatero. "Ndinabadwa choncho."

Anaseka, nanenso ndinaseka.

Patangopita masabata awiri, mayi wogulitsa nsomba pakona anandiuza kuti kunabwera bambo wina wachikulire, wotsimphina, akufunsa nyumba ya mayi Kuramoto, ndiye kuti ineyo. Ndinangoti basi, ofufuza aja afika. Masiku atatu sindinadye. Tsiku lachinayi ndinamuona ndekha ataima patsidya pa msewu, chipewa chili m'manja. Anali a Orita. Inu simuwadziwa, ndi amene anandinyamula pangolo yawo ya makala tsiku lija, kundichotsa pamoto. Ndinadutsa ngati sindinawaone. Anandiitana.

"Sumie! Iwe Sumie, suja unandisanzira pamsana iwe?"

"Pepani bambo, mwasokoneza. Ine kwathu ndi ku Miyoshi."

"Ku Miyoshi! Ndiye ndinanyamula mzukwa ine eti?" Anapukusa mutu. "Mwana wako ali ndi nzeru kuposa iwe."

Mawu omalizawo ndi amene anandisowetsa mtendere. Mwana wanga amudziwira kuti?

Apa ndiyenera kuulula chimene ndakhala ndikukubisirani. Kuyambira Epulo thupi langa silili bwino. Ndikatsuka m'kamwa magazi amatuluka, ndipo m'miyendo mukutuluka mabala akuda popanda kudzigunda. Masitepe a kukachisi aja ndimapuma katatu ndisanafike pamwamba. Adokotala a kuno anandipima, n'kundifunsa mwakachetechete kumene ndinali mu Ogasiti wa chaka chija. Ndinati ku Miyoshi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mayi, anthu amene sanali ku Miyoshi boma limawapatsa kabuku. Ndi kabuku kameneko amagonekedwa kuchipatala chachikulu cha matenda a magazi, osalipira. Pamangofunika mboni ziwiri zosakhala achibale, zotsimikiza kuti zinakuonani. Musachedwe nazo." Harumi anali panja pabenchi. Ndinkayesa kuti sanamve.

Dzana ndikusaka lumo m'kabati yake, pansi pa nsalu zaukwati ndinapeza chipepala cha boma. Dzina langa lalembedwa kale, ndi dzanja lake. Pa mzere wa mboni yoyamba pali chidindo chofiira cha a Orita. Mzere wachiwiri ndi wopanda kanthu, koma m'mbali mwake walemba ndi pensulo kuti, "Mayi Tanabe, Sacramento. Amayi aakulu adzawapeza." Amayi aakuluwo ndinu. Mayi Tanabe aja tinkakhala nawo moyandikana, amene anatsatira mwana wawo ku Amereka. Ndipo mafunso a pachipepalacho, akulu anga, ndi omwe aja a alamu a Walter, mndandanda wake womwewo. Ngakhale la mlatho lilipo.

Ndiye ndiuzeni zoona. Mkangano wa kutchalitchiwo ulipodi, kapena munaupeka awiriwiri ndi mwanayu? Kodi alamu akudziwa n'komwe kuti dzina lawo mukuyenda nalo? Ndakwiya, sindikubisirani. Ndinu mkulu wanga, mukanandifunsa maso ndi maso, osati kunditchera msampha ngati mbewa.

Chipepalacho ndinachibwezera momwe chinalili. Pa chakudya chamasana ndinamuyesa.

"Harumi, amayi ako aakulu unawalembera liti?"

"Ine? Kalekale, pa Chaka Chatsopano."

"Nanga masitampa a ndege aja anatha bwanji?"

"Mwina mbewa, amayi." Sanandiyang'ane. Anandiwonjezera mpunga m'mbale. "Idyani, mwaonda ngati ndodo ya tsache. Mukufuna pa ukwati wanga anthu azinena kuti sindikudyetsani?"

Mwanayu kunama sadziwa, anatengera bambo ake. Makutu ake anafiira mpaka m'khosi.

Chimene iye sakuchiganizira, kapena akuchiganizira koma wachinyoza, n'chakuti mapepala amenewa amakaperekedwa ku ofesi ya mzinda, ndipo pa tebulo limene amafikira pamakhala mlongo wawo wa mayi Nagaoka. Chipepalacho chikalowa m'mawa, dzuwa lisanalowe mtsuko wa msuzi uja adzautumizira munthu kudzautenga. Mwina mukuti Shinji amamukonda. Amamukondadi. Koma Shinji ndi mwana mmodzi yekha wamwamuna, ndipo sindinamuonepo akutsutsa amake ngakhale pa za mchere. Ndipo nkhani ikamveka, si a Nagaoka okha. Mu Onomichi monse palibe banja lidzagogode pakhomo pathu.

Za mkangano wa alamu, ngati ulipodi, ine sindidziwa kuwerengera kwa akuluakulu a nkhondo. Mwina n'zoona kuti bomba lija linawapulumutsa, ndipo ndimakondwa kuti ali moyo, chifukwa amakusamalani bwino. Ine ndinapatsidwa mwana mmodzi yekha, amene anatuluka m'moto uja ali ndi zala khumi ndi maso awiri, ndipo sanadwalepo koposa chimfine. Bomba lija linanditengera mwamuna. Ukwati wa mwanayu sindilola kuti liutengenso.

Chonde, akulu anga, ndagwira mwendo wanu. Kwa mayi Tanabe musapiteko. Ngati mwapita kale ndipo asayina, pepalalo liikeni m'Baibulo mwanu. Harumi mumulembere kuti mayiwo anasamuka ndipo mukuwasakabe. Ndi masabata khumi okha. Adokotala akuti ndisachedwe, koma madokotala amatero ndi aliyense, ndipo ine ndikumwa msuzi wa chiwindi tsiku lililonse. Kimono yanga ya paukwati ndaibweza kale m'chiuno kawiri, ndipo ikundikhala bwino.

Mundiperekere moni kwa ana, Linda ndi Kenji, muwauze kuti chithunzi chawo chili pakhoma. Moni kwa alamu a Walter. Muwauze kuti pepani, pa mkangano wawo sindingawathandize, chifukwa tsiku limenelo ndinali ku Miyoshi, kupalira mbatata. Ndikhala ndili ku Miyoshi mpaka pa 12 Novembala. Pa 13 adzandifunsenso, ndipo ndikadzakhalapo ndidzawauza msewu, nthawi, ndi amene anandiona.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Sumie