Muzu Wotsekemera wa Sitima

Lolemba, 3 Juni 2024

Mlongo wanga Sitima anadutsa pano dzulo kuchokera ku Limbe komwe amaphikira Matchaina. Wasiya kajumbo ka mizu yoduladula, yachikasu m'kati. Ndalawa kamodzi, kutsekemera kwake kuposa nzimbe. Akuti abwana ake amaponya mu supu wa nkhuku, komanso imachiza chifuwa. Amuna anga, bambo a Promise, atsokomola masabata atatu tsopano, chifukwa chopalasa kabaza m'mamawa ndi chiperoni chino. Sitima anali wothamangira minibasi, muyezo sindinafunse. Ndi ndani kuno ku Jenala sadziwa kunyika mizu? Ndawiritsa dzanja lodzadza, ndathira m'botolo la malita awiri. Kapu m'mawa, masana, madzulo.

Lachisanu, 7 Juni

Chifuwa chatsika ndithu. Munthu amene mankhwala owawa ndimachita kumuthamangitsa nawo, awa akuitanitsa okha. "Mayi a Promise, tiyi wanga wa ku China uja." Ndawiritsa ina.

Lachiwiri, 18 Juni

Bambo a Promise nsapato sizikulowa, mapazi atupa. Mutu ukuwawa kumbuyoku. Akuti miyendo ikulemera potchova. Ine mwa nzeru zanga ndati matenda akutsikira kumapazi kuti atuluke, ndawonjezera kapu yachinayi.

Lachinayi, 20 Juni

Agwa pakhomo akupopa njinga. Kamwa lapotoka.

Lachisanu, 21 Juni

Kuchipatala. Akuti sitiroko, BP inakwera zoopsa. Dzanja ndi mwendo wakumanja sizikugwira, mawu sakutuluka. Adokotala anafunsa ngati amamwa china chilichonse kunyumba. Pambali panga panali alamu anga a Gertrude, achemwali awo a bambo a Promise, amene atsika m'mawa kuchokera kwawo ku Michesi. Ndinayankha kuti ayi. Bodza linatuluka lokha.

A Gertrude pa foni panja, ndamva ndekha: "Mwamuna wamphumphu tinakapereka kuchikamwini. Tikapeza dzanja la munthu, tikamutenga."

Loweruka, 22 Juni

Ndamuimbira Sitima kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala. Nditamuuza za botolo anati: "Achemwali, timaika tizidutswa tiwiri tokha. Tiwiri, mumphika wa anthu sikisi, kamodzi pa sabata." Kajumbo kaja kunyumba kwa abwana ake kamatha chaka. Ine masiku khumi ndi asanu ndi awiri.

Ndikuopa, ndipo ndikudzida.

Lolemba, 24 Juni

BP sikutsika bwino, adokotala akudabwa. Ndinadikira a Gertrude apite kumsika, ndinamasula tizidutswa titatu totsala pa nsonga ya chitenje n'kuonetsa adokotala. Ananunkhiza, anayang'ana pa foni yawo nthawi yaitali. Sanakalipe, bola akanakalipa. Akuti muzu umenewu ukachuluka umasunga madzi m'thupi n'kukweza BP. Atenga magazi, asintha mankhwala. Zonsezi ndayankhula pamutu pa bedi, bambo a Promise maso ali tong'o. Amva chilichonse.

Lachitatu, 26 Juni

Mapazi aphwa. Dzanja ayi. Akuti mwina lidzagwira ndi mafizo, masewero olimbitsa ziwalo aja, koma za njinga tiiwale kaye.

Sakundiyang'ana. Phala akulandira kwa a Gertrude okha.

Lachisanu, 28 Juni

A Gertrude abwera ndi amalume awo. Anaima kumapazi a bedi, amalume n'kunena kuti bambo a Promise akatuluka apite ku Michesi, kwa eni ake, ayambe aona chimene chinachitika ku Jenala. Anandifunsa maso ndi maso ngati ndikudziwapo kanthu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, zithe.

Bambo a Promise anamenya chitsulo cha bedi ndi dzanja lamanzere. Tonse tinatembenuka. Analimbana nawo mawuwo, malovu akutsika, mpaka anatuluka, oyamba chigwereni.

"Ndi BP. Basi. Ndipita kwa mkazi wanga."

Alendo atatuluka ndinawapukuta pakamwa. Sanandiyang'anebe, koma supuni alandira.