Adiresi ya ku Brisbane

Lolemba, 8 Okotobala

Kutentha kuyambira m'mawa. Fumbi la malasha pazenera lomwe ndapukuta dzulo lomweli.

Komiti ya aphungu ikubwera kuno ku Kellin Creek Lachinayi la sabata yamawa, kudzamva maganizo athu pa nkhani ya msonkho ndi antchito obwera pa ndege. Rhonda, mnzanga wa pa ambulansi, wandilembetsa kuti ndikayankhule. Osandifunsa n'komwe. Akuti ine ndiye wapakamwa. Mphindi zisanu basi.

Nkhaniyo si yachilendo. Kampani ya mgodi ikanyamula munthu pa ndege kuchokera ku Brisbane, kumugoneka ku kampu ndi kumudyetsa, msonkho umaipepukira. Ikati imupezere nyumba m'tauni muno akhale ndi banja lake, msonkho umaluma. Ndiye angamange nyumba ndani? Ku kampu kuli anthu zikwi ziwiri. M'tauni tatsala mazana asanu ndi anayi, ndipo thandizo la boma limawerengera ife tokha, poti pa kalembera enawo amalembedwa kwawo. Koma akadwala, ambulansi ndi yathu yomweyi. Ongodzipereka tinalipo khumi ndi anayi. Tatsala anayi.

Amuna anga a Merv angoti, "Ukanene zoona, koma dzina langa lisakatuluke."

Lachitatu, 10 Okotobala

Mgodi wakale utsekedwa pa Khirisimasi. Tsopano si mphekesera, awauza pa shifiti. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi a Merv akukonza magalimoto a mgodi umenewu. Mgodi watsopano, makilomita khumi ndi asanu ndi atatu kuchokera pageti pathu, ukufuna amakaniko. Ndawauza kuti ndiye palibe chodandaula. Adya mwakachetechete, atuluka kukathirira mtengo wa mandimu womwe ndinali nditathirira kale.

Wogulitsa nyama watseka naye. Soseji tizikazitsata ulendo wa maola awiri.

Loweruka, 13 Okotobala

Atiitana ku kampu masana. Munthu wakomoka m'chipinda. Rhonda pa chiwongolero, ine kumbuyo. Zipinda mizeremizere, zofanana zonse, tasochera kawiri.

Bambo wa msinkhu wa a Merv. Mtima. Wamupeza ndi mayi wokonza m'zipinda. Ndafunsa dzina kwa oyandikana naye, palibe wodziwa. Wina akuti amangopatsana moni popita ku basi. Dzina ndachita kuwerenga pa chiphaso: Fergus Hanlon. Pakhoma chithunzi cha mayi wovala chipewa ataima pakati pa ng'ombe. Chongomata, chosavuta kumatula, poti iye akapita kwawo m'chipindamo mumagona wina.

Maola asanu kupita ku chipatala chachikulu ndi kubwerako. Maola asanu tauni yopanda ambulansi. Sikunachitike kanthu. Ulendo uno.

Potuluka pa kampu ndaona Dragan, mkamwini wanga. Zaka ziwiri akugwira ntchito pafupi chonchi, pakhomo pano wadyapo katatu. Wangokweza dzanja, basi ikumuyembekeza. Sindimuimba mlandu. Ntchito maola khumi ndi awiri, kudya, kugona, ndipo a kampu safuna anthu azituluka.

Lamulungu, 14 Okotobala

Foni ndi mwana wanga Kerrin. Wamva kuti ndikayankhula ku komiti, sizinamusangalatse. Akuti msonkho ukasintha, kampani siidzausenza yokha, idzadula masiku opuma a Dragan kapena kuuza anthu kuti asamukire kuno. Mwina akunena zoona.

"Amayi, tibwere kumeneko, ndiye mdzukulu wanu Tilly mphumu ikamugwira mudzathamangira naye kuti? Pa msewu wa makangaru uja?"

Msewu umenewo ndimaudziwa kuposa iye. Ndayendapo ndi anthu amene sanafike.

Mwana wobadwira muno, wosewera mpira wamanja pabwalo lomwe lamera udzu lija. Wamaliza ndi mawu akuti tauni imene ndikuimenyera nkhondoyo inatha kale. Kenako wandipatsa Tilly. Dzino lagweduka, akufuna ndidziwe.

Lachiwiri, 16 Okotobala

Mkazi wa a Hanlon waimba kudzathokoza. Ali moyo, adotolo akuti tikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Mayiyo sanafune kudula foni. Chilala zaka zinayi kwawoko, madamu ouma. Akuti chikhala kuti si ntchito ya pa ndegeyi, ng'ombe zija zikanagulitsidwa zonse pamodzi ndi munda wa makolo awo. Masabata awiri amasamala yekha, bambo akabwera sabata imodzi amakonza mipanda.

Ndatenga pepala langa la Lachinayi. Panali mzere wakuti anthu a ndege amabwera kudzakolola, sadzala kanthu. Ndinkaunyadira. Ndaufufuta, ndi ina yotsatira. Latsala theka.

Ntchentche zayamba. Firiji ikulira mwachilendo, ingopirira mpaka tidziwe za ntchito.

Lachinayi, 18 Okotobala

Holo yodzaza, sindinaione chonchi chichokereni maliro a mphunzitsi wamkulu. Aphungu asanu, afika pa ndege ya m'mawa, abwerera pa ya madzulo. Rhonda wandinong'oneza kuti nawonso ndi a ndege, tiwapezere zipinda ku kampu. Ndatsala pang'ono kuseka mokweza.

Woimira kampani, wa tayi m'kutentha konseku, akuti antchito amasankha okha kukhala mumzinda. Woimira bungwe la antchito akuti amasankha pakati pa ndege ndi ulova. Mwini galaja akuti msonkho wa mgodi uzitsala kuno komwe kumakumbidwa malasha. Wina kumbuyo wakuwa kuti ndiye zipatala za mumzinda zomwe timathawirako azilipira ndani. Aliyense anali ndi kachoonadi kake.

Ine pepala ndangolipinda. Ndanena za maola asanu aja. Ndanena za munthu amene oyandikana naye sadziwa dzina lake, ndi za ng'ombe zimene ndege ikudyetsa. Phungu wina, mayi wa magalasi, wandifunsa ngati ndikufuna kuti ndegezo azizilipiritsa msonkho. Ndayankha kuti sindikufuna kulanga wokwera ndege, ndikungofuna kuti wofuna kugona kwawo asamalangidwe. Walemba. Kaya. Lipoti akuti lituluka chaka chamawa.

A Merv sanabwere. Akuti ntchito.

Lachisanu, 19 Okotobala

Sinali ntchito.

Andikhazika pansi pakhonde tisanamwe n'komwe tiyi. Mgodi watsopano sulemba anthu a muno. Umafuna okhala ku Brisbane, okwera ndege ya kampani kumeneko. Iwo analemba adiresi ya Kerrin, masabata atatu apitawo. Ntchito awapatsa. Dzulo anakhala m'galimoto kuseri kwa holo, kuopa kuti wa tayi uja angawaone pambali panga.

Ndiye Kerrin ankadziwa Lamulungu lija. Onse awiri anandibisira.

Ndawafunsa kuti zizikhala bwanji. Azikwera ndege kuno ndi ndalama zathu, kupita ku Brisbane. Kugona kwa Kerrin. M'mawa mwake ndege ya kampani, kubwerera konkuno, kudutsa pamwamba pa denga lathu. Masabata awiri ku kampu. Kenako ndege ya kampani ku Brisbane, ndi ina kubwera kunyumba. Ndaseka mpaka misozi. Kuseka kwatha, misozi yokha yapitirira.

"Zaka zanga zakwana makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, Glenys. Angandilembe ndani wina?"

Ndimafuna kukwiya kuti anandibisira, koma akanandiuza ndikanakaima bwanji pa holo? Kapena ndikanakanena zoona zenizeni, iwo n'kutaya ntchito asanaiyambe. Amandidziwa.

Kugulitsa nyumba? Mumsewu mwathu muno zitatu zili ndi zikwangwani, zilembo zinasuwa ndi dzuwa.

Lolemba, 7 Januwale

Ndege ya a Merv yadutsa itangokwana seveni. Ndinaima panja ndi kapu m'manja. Sindinakweze dzanja, anthu angandione.

A Merv aimba pa nthawi yopuma. Chipinda n'chozizira bwino, chakudya chochuluka koma chopanda mchere. Oyandikana nawo ndi mnyamata wa ku Tasmania, dzina afunsa kawiri aiwalanso. Akuti akaima pakhomo pa chipinda akuona thanki yamadzi ya tauni yathu. Afunsa kuti ndiphika chiyani madzulo. Ndawanamiza kuti nyama ya nkhosa. Ndidya buledi.

Kerrin waimba pambuyo pake, mofatsa, poti chikhalire sitinayankhulane bwino. Akuti pa masiku asanu ndi awiri opuma, awiri azithera m'ndege ndi m'mabwalo a ndege, bambo ndi mawondo awo opweteka aja. Bwanji ine ndizipita ku Brisbane sabata imeneyo, tizikhala tonse kwa iye? Chipinda chilipo. Tilly wayamba kale kusuntha zidole.

N'zomveka. Zomveka kwambiri, ndiye vuto lake.

Ndandanda ya ambulansi ili patebulo. Ndikamachoka sabata imodzi pa masabata atatu alionse, otsala ndi anthu atatu, ndipo mmodzi mwa iwo ali ndi pakati. Ulendo uliwonse umafuna anthu awiri.

Ndatsegula tsamba la matikiti, kungoona chabe. Pa 21 malo alipo, a pazenera. Sindinadine. Rhonda akubwera mawa m'mawa kudzatsuka ambulansi, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambira pati kumuuza kuti nanenso ndikuganiza zokwera ndege.