Injini ya Bambo Anga ndi Bwana Jombo

Lolemba, 20 Malichi 1978

Injini yapita. Ndabwera kuchokera kumsika ku Salima, ndapeza kuseri kwa chitseko kumene timaitsamiritsa kwatsala banga la oilo basi. Ndafunsa a Samueli, amuna angawo, akuti, "Takhalani kaye pansi, amake Ester, ndikufotokozereni." Sindinakhale. Agulitsa kwa Binali, mwini boti mnzathu wa pagombe pano. Injini imene anandisiyira malemu bambo anga, imene imakankha boti lathu kupita ku chilumba cha Mbenji chaka ndi chaka, aigulitsa kuti agule munthu. Munthu! Wosewera mpira wa ku Lilongwe, dzina lake Musa, eti kuti timu ya Mafunde itenge chikho cha boma lino. Iwo ndi wapampando wa timuyo, ndiye mutu wonse unathera ku mpira.

Ndafunsa, nanga chilumba chikatsegulidwa mwezi wamawa tipita bwanji, tipalasa ndi manja? Utaka wa ku Mbenji ndi umene umatidyetsa chaka chonse, fizi ya Ester imachokera komweko. Akuti tikatenga chikho matimu a m'tauni abwera okha kudzamugula mnyamatayo pamtengo wokwera, injini tiiwombola. Binali walonjeza kudikira mpaka chilumba chitsegulidwe.

Sindinaphike. Adye mpirawo.

Lachitatu, 22 Malichi

Wafika. Wamtali, wonona, nsapato za mpira atazikoloweka m'khosi ngati mkanda. Kuyambira lero ndizimutchula Bwana Jombo. Pa depoti a yufi anamugwira chifukwa analibe khadi la chipani, ndiye nalo amugulira a Samueli. Koma abale, ngakhale khadi!

Amupatsa chipinda cha Ester, mwana wanga agona kukhitchini. Usipa sadya, akuti umamutsekula m'mimba. Akufuna chambo, mazira, tiyi wamkaka. Ine Gladys, ndimayanika usipa kuyambira ndili mtsikana, lero ndikukagula chambo cha mlendo amene wandidyera injini.

Loweruka, 25 Malichi

Ndapita dala kubwalo kuti ndikaone injini yanga ikusewera mpira.

Anthu anadzaza mpaka ena m'mitengo ya mango. Onse kudzaona Bwana Jombo. Iye kuima pakati pa bwalo, manja m'chiuno, kumaloza anzake kuti ponyani kuno, ponyani uko. Akamuponyera mpira, adani alanda kale. Chakumapeto refa anapereka penate. Bwalo lonse zii. Anabwerera m'mbuyo, anathamanga, kumenya. Mpira unakagwera m'munda wa chinangwa wa a Salimu. Nkhalamba ina pambali panga inati, "Ameneyutu wabwera kudzasaka mbalame."

Tapambanabe ndi chigoli chimodzi, wamwetsa ndi Ramadhani, mlovi wathu, msodzi waganyu wa m'boti lathu lomwe, amene sanapatsidwepo ngakhale sopo. A Samueli akuti mnyamata akuzolowera mchenga, tipirire. Ndapsa mtima mpaka mutu ukuwawa.

Lachiwiri, 28 Malichi

Mazira atha. A Samueli akuti ndikapemphe kwa Rosemary, neba wathu woweta nkhuku. Akapemphe okha, pakamwa ali napo.

Lachinayi, 30 Malichi

M'mawa ndimakataya madzi kuseri, ndamupeza Jombo atakhala pa mtondo, buluku atapinda, akuthowa bondo ndi madzi otentha. Bondo lake ngati papaya. Atandiona anafuna kubisa, koma ndinali nditaona kale.

"Zayamba liti zimenezo?"

"Chaka chatha, mayi."

"Ku Lilongweko amadziwa?"

Anagwedeza mutu kuvomera. Ndiye chifukwa chake anamutaya mosavuta! Atigulitsa ng'ombe yothyoka mwendo, ife nkumaimba nthungululu. Ndamuuza kuti mukudziwa kuti mukudya injini ya bambo anga? Akuti, "Mayi, ine sindinauze munthu kuti agulitse kanthu. Anandiuza kuti kuno kuli ndalama za nsomba. Ndikanakana, kwathu ndikanakadya chiyani?"

Ndamusiyira ketulo.

Ndawauza a Samueli za bondolo. Akuti ndi nsanje ya amayi, mpira sindiudziwa. Chabwino, mpira sindiudziwa. Koma chotupa ndimachidziwa.

Loweruka, 1 Epulo

Apambananso, akuti alowa m'ndime yotsiriza, akumana ndi Khombedza Loweruka likudzali. Sindinapiteko. Ester akuti Jombo anatuluka hafu isanakwane, akutsimphina, anthu akumuwowoza. Zigoli zonse ziwiri Ramadhani.

A m'tauni odzamugula aja mpaka lero sitinawaone. Mwina basi yawo inafera pa Chitala.

Ndadutsa kwa Binali, injini yanga aipaka penti yofiira. Munthu wodikira amapaka penti?

Lachiwiri, 4 Epulo

Zavuta tsopano. A tcheyamani a chipani alengeza kuti Loweruka pabwalo pali msonkhano waukulu, kubwera akuluakulu ochokera ku boma, aliyense akapezekeko. Mpira ausunthira pa 15. Ndipo pa 15 pomwepo ndi pamene amfumu akutsegula chilumba cha Mbenji!

Timu yonse ya Mafunde ndi asodzi okhaokha. Goloboyi mlovi, otchinga kumbuyo alovi, Ramadhani mlovi. Akhala miyezi yonseyi chilumba chili chotseka, m'nyumba mulibe kanthu, ngongole m'magolosale. Tsiku lotsegulira ndi limene utaka umachita kudzaza boti. Ndani angasiye zimenezo chifukwa cha chikho cha chitini?

Ndauza a Samueli kuti kapempheni asunthe tsikulo. Anandiyang'ana ngati ndapenga, nkutseka zenera. "Mukufuna ndikanene kuti msonkhano wa chipani wasokoneza mpira? Mukufuna ndikagone kuti?" Pamenepo ndiye sindinawatsutse.

Loweruka, 8 Epulo

Tavina padzuwa tsiku lonse, kumwetulira mokakamiza. Usipa wanga pathandala akhwangwala achita nawo phwando. Miyendo ikuwawa, mtima ukuwawa.

Lachitatu, 12 Epulo

Ramadhani anabwera ndi anzake atatu, zipewa m'manja. Sanafune kulowa, anakhala pakhonde. Akuti, "Bwana, tagwira nanu ntchito zaka zambiri, simunatilakwirepo. Koma boti lopanda injini silifika ku Mbenji. Binali watitenga. Inshallah chaka chamawa tidzabwerera."

A Samueli sanafunse n'komwe za boti. Anafunsa za mpira! "Nanga Loweruka? Tangoseweraniko, mudzapita Lamulungu." Ramadhani anayang'ana pansi. "Bwana, ana anga satafuna chikho. Muli naye wa ku Lilongwe uja, akumwetserani."

Ndinali kukhitchini, ndinamva zonse. Ramadhani sindimuda. Ndikanakhala iye ndikanapita kalekale.

Madzulo Binali watumiza mawu kuti kudikira kwatha. Ukonde wathu uli m'chipinda, makoswe ayamba kuuyendera.

Loweruka, 15 Epulo

Maboti anyamuka m'mawa. Gombe lonse phokoso, akazi kutsanzikana ndi amuna awo pakuti ku chilumbako mkazi saponda. Lathu lokha lili gone pamchenga, mbuzi zikubisalamo dzuwa. Injini yanga ndimaidziwa kulira kwake ngakhale pakati pa zina khumi. Ndinaimva mpaka inazimirira.

Masana mpira. Atolera ana a sukulu, aphunzitsi awiri, ndi telala wa pamsika amene ali ndi mimba ngati mtsuko. Khombedza yatichinya zigoli zisanu ndi chimodzi, ife chimodzi.

Ndimayembekeza kuti a Samueli abwera atazyolika. Ayi ndithu! Alowa maso akuwala. "Amake Ester, mukanachiona chigoli chija! Anaulandira pachifuwa, sunagwe pansi, kutembenuka, phaa! Goloboyi wa Khombedza sanauone n'komwe. Chiyambire kuonera mpira sindinaone chotere. Ndimanena ine kuti mnyamatayu ndi katswiri!"

Ndinati, "Ndiye mwachipeza chimene munagula." Anasiya kuseka.

Jombo amubweretsa pa njinga, sangathe kuponda. Bondo latupiratu.

Lamulungu, 16 Epulo

Kutchalitchi Rosemary akuti, "Pepanitu anzathu, koma tamva kuti chigoli chinali chokoma." Amayi onse kubisa nkhope m'zitenje. Ndinamuyankha kuti chikakoma choncho bwerani mudzapemphe, tikupatsaniko chophikira ndiwo. Ndinaseka nawo, koma pobwerera ndinalira njira yonse. Ndikuchita manyazi, ndipo ndakwiya kuti ndikuchita manyazi pa chinthu chimene sindinachite ine.

Aphunzitsi a Ester afunsanso za fizi.

Lolemba, 17 Epulo

A Samueli sanatchule mpira tsiku lonse. Anakhala m'boti lija pamchenga mpaka dzuwa linawathamangitsa. Boti la Binali labwera kudzatula utaka, lodzaza mpaka m'milomo. Ndagulako pang'ono woti ndiyanike. Ine kugula utaka kwa Binali, wokokedwa ndi injini ya bambo anga, ndi alovi athu!

Lachiwiri, 18 Epulo

Ndadzuka ndapeza a Samueli akumanga bulangete ndi kapoto m'thumba. Ndinawatsatira kugombe chapatali.

Anapita kwa Binali. Mwana wa dzana uja, amene ankawanyamulira nkhafi ali wamng'ono. Anaima pamaso pake, thumba m'manja, kupempha malo ngati mlovi wamba. Binali anawasiya chiimire, akuwerengetsa madengu ndi amayi ogula. Kenako anangoloza kumbuyo kwa boti ndi chibwano.

Atakankhira boti m'madzi injini inakana kulira. Binali anakoka chingwe, anakokanso, osatheka. Ndiye anatembenuka, gombe lonse likumva, "Iwe Samueli, tabwera udzalize chinthu chakochi!" Iwe. Ramadhani anayang'ana kumbali.

A Samueli anadzuka, anapita, anaigwira paja amaigwira nthawi zonse, kukoka kamodzi. Inalira. Binali anawakankha pang'ono ndi chigongono nkugwira chiwongolero yekha. Iwo anakakhala pansi pakati pa alovi, napatsidwa chitini chokapira madzi. Sanacheuke. Ndikuthokoza kuti sanacheuke, chifukwa sindikudziwa nkhope imene ndikanawaonetsa.

Pobwerera kunyumba ndamupeza Jombo pakhonde, mwendo uli tambalale pa mpando, akufunsa ngati tiyi wapsa. Ndamuuza kuti mwini wake amene amagula tiyi wapita kukakapa madzi m'boti la eni. Ndalowa, ndatulutsa chikwama chake ndaika pambali pake. Lole ya nsomba ya ku Lilongwe inyamuka masana, ndalankhula kale ndi dalaivala.

Ester akusesa m'chipinda chake.